Utsi wa ku Bisi

Pa Anofou palibe pobisala. Chilumbacho makolo anachita kuunjika ndi manja, mwala pamwamba pa mwala, pakati pa nyanja ya mkati kumpoto kwa Malaita, ndipo munthu akakhosomola kumtunda, wa kumunsi amadziwa kuti ndi chifuwa cha uje. Malo amodzi okha ndiwo maso safikako: ku bisi, kanyumba ka akazi kamene kali kumunsi kwa chilumba, kuseri kwa mzere wa miyala yoyera. Mkazi akakhala kumwezi amadutsa mzerewo ndi mphasa yake ndi kampoto kake, n'kukhala komweko mpaka atayera. Mwamuna sadumpha miyalayo, salozako chala, safunsa kuti muli yani. Wotaya magazi sakweranso boti la amuna. Akazi ali ndi bwato lawolawo, laling'ono, la nkhafi.

Toata anakulira m'malamulo amenewa ndipo sanawamve kulemera. Ali mnyamata analembedwa ntchito pa sitima yonyamula kokonati wouma. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala pansi, m'chipinda cha injini, momwe phokoso limaphunzitsa munthu kusiya kuyankhula n'kumangoyang'ana milomo ndi manja a anzake. Anabwerako ndi khutu limodzi logontha, boti loyera ndi injini yake. Kuyambira pamenepo ntchito yake inali kunyamula makoka a mkulu wake Ofasia, kupita nawo kumatanthwe a nyanja ya kunja. Botilo analiphera nkhumba, Ofasia n'kulitchulira mayina a makolo, ndipo nsomba sizinalikane.

Anakwatira Ruasia, mkazi wamtali woseka pang'ono, n'kubereka naye ana anayi motsatizana. Chaka cha namondwe wamkulu uja, wotsiriza wawo Kwalea akuyamwabe, Ruasia anapita kuminda ya kumtunda, n'kugonako masiku awiri. Atabwerako sanalowe m'nyumba, anangolunjika ku bisi. Anakhalamo masiku khumi ndi awiri. Tsiku lomaliza akazi anamutulutsa atamukulunga m'mphasa, n'kumukweza m'bwato lawo kupita naye kumanda a akazi. Toata anaima pamiyala yoyera ija, zala zakumapazi zitagunda mzere, osaudutsa. Anamuuza kuti mwezi wake unatalika. Iye sanafunse zambiri, poti mwamuna alibe mawu ofunsira zimenezo.

Sanakwatirenso. Koma kuyambira chaka chimenecho anayamba khalidwe lomwe palibe analidziwa. Khumbi lake losokerapo makoka linali pamalo poti ukakhala pansi umaona denga la bisi. Mkazi wa pabanja pake akadutsa mzere, Toata ankatenga kachingwe ka mbedza, ndipo m'mawa uliwonse utsi ukafuka padengapo ankamanga mfundo imodzi. Zinkafika zinayi, nthawi zina zisanu. Mkaziyo akatuluka atasamba, iye ankamasula mfundozo ndi mano n'kubwezera kachingweko m'thumba. Anachita zimenezi zaka zoposa makumi awiri, ndipo sizinapitirire zisanu ndi imodzi.

Kwalea anakula, n'kukwatiwa ndi Ramo, amene ankagwira ntchito m'minda ya kanjedza ku Guadalcanal, chilumba china chakutali, ndi kubwera kumudzi pa Khirisimasi pokha. Khirisimasi iliyonse inkasiya mwana. Wachisanu anabadwa movuta, moti namwino wa kachipatala ka tsidya anachita kumugwira dzanja Kwalea n'kumuuza kuti thupi lake lipume zaka zitatu. Mawu amenewa Ramo sanawamve, poti anali kutali, ndipo atabwera panalibe womuuza.

Mwezi wa Marichi Kwalea anati akukakumba mbatata kumtunda. Anagonako masiku awiri. Toata anamuona akubwera: dengu lopanda kanthu, akutsika m'bwato atagwira m'mphepete ndi manja onse, ngati nkhalamba. Sanalowe m'nyumba. Ana anamuthamangira, iye anawabweza ndi dzanja, n'kudutsa miyala yoyera.

Toata anatulutsa kachingwe.

Masiku oyamba utsi unali wabwinobwino, woonda, wa munthu wophika kambatata kake. Tsiku lachisanu ndi chimodzi unada, n'kubwera ndi fungo la mphasa yoyaka. Tsiku lachisanu ndi chiwiri bwato la akazi linapita kukatunga madzi kumtsinje katatu m'malo mwa kamodzi. Chakudya chomwe Dioko, mng'ono wake wa malemu Ruasia, ankapita nacho m'masamba a nthochi chinkabwerera chomangamanga, n'kukathera kwa nkhumba. Kumunsi kwa chilumba, pomwe akazi amatayira madzi, tiana ta shaki, nsomba zolusa zotsata magazi, tinayamba kuzungulira masana, tiwiri, kenako tinayi. Amuna onse anazionanso zimenezi. Ankangotembenuza nkhope n'kupitiriza kutafuna mtedza wawo wofiiritsa m'kamwa, chifukwa mkazi wa ku bisi kutaya magazi si nkhani. Ndi chimene anapitirako.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi utsi sunafuke.

Toata anadikira dzuwa likwere pang'ono. Denga linangoti zii. Anamanga mfundoyo ngakhale panalibe utsi, n'kudzuka kukaima panjira yomwe Dioko ankadutsa ndi zigubu.

"Alamu, madzi onsewa mukusambitsa nkhumba?"

Dioko sanaime. "Mwamuna wowerenga zigubu za akazi. Ukalamba wakuyambirani poipa, alamu. Kasokeni makoka."

"Makoka ndasoka."

"Ndiye kagoneni. Kapena tikupezereni mkazi, mwina maso angakhale ndi pogwera."

Toata anatambasula kachingwe kaja, n'kukagwira mbali zonse ziwiri pamaso pake. Dioko anayang'ana mfundozo, milomo ikuwerenga yokha. Anatula chigubu pansi.

"Za mkulu wanu zinali khumi ndi ziwiri," anatero Toata. "Nthawi imeneyo ndinkawerengera mumtima."

Dioko anatembenuka, n'kuyang'ana kunyanja. Zomwe ananena anazinena atamufulatira, ngati akuuza madzi, chifukwa nkhani zotere mkazi sauza mwamuna maso ndi maso.

"Anayamba ndi zamasamba, anamwa sabata yathunthu, sizinagwire. Ndiye anapita kwa mayi uja wa kumtunda. Anamukanda pamimba, sizinatheke. Kenako anagwiritsa kamtengo. Zinatuluka, koma si zonse. Thupi likuotcha ngati mwala wophikira. Kuyambira dzana fungo layamba. Lero wanditchula dzina la mayi ake."

"Bwanji simunanene?"

"Tinene kwa yani? Kwa inu? Mukanatimva ndi khutu liti, logonthalo?"

Toata anayang'ana mtengo umene unazikidwa pakhomo la ngalande kuti uzisonyeza madzi. Nyanja inali itayamba kuphwa. Kupita kuchipatala cha tsidya, nkhafi zimatenga theka la tsiku, injini sikwanitsa ola limodzi. Koma pakati pa njira pali mchenga wa Lalo, womwe dzuwa likafika pamutu m'masiku amenewo umatuluka poyera, ndipo ngakhale bwato lopanda katundu limakhala pamenepo mpaka madzulo.

Anapita kunyumba ya amuna. Ofasia anali pakhomo, akuthira laimu pa mtedza, amuna ena asanu atamuzungulira. Nsomba zinali zitalowa sabata imeneyo, ndipo makoka anali okonzeka kukwezedwa.

"Achimwene, ndikufuna kupita tsidya ndi wodwala."

"Wodwala ndani?"

"Wa kumunsi."

Onse anasiya kutafuna. Ofasia anamuyang'ana mng'ono wakeyo nthawi yaitali. Sanali munthu wouma mtima. Iyenso analera nawo Kwalea, ankamusenza paphewa ali kamwana.

"Boti lija linadya nkhumba, Toata. Ukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Nyumba khumi ndi zinayi zimadya m'botimo."

"Ndikudziwa. Sakwera. Ndikoka bwato lawo ndi chingwe."

Pamenepo mkangano unabuka, wa mawu otsika, aliyense akuyang'ana pansi. Wina anati chingwe ndi mlatho, choipa chimayenda pachingwe ngati nyerere. Wina anati nanga mbedza, munthu akakoka nsomba yoletsedwa n'kuidula isanafike m'boti, waipitsidwa? Wachitatu anati chimenecho n'china, nsomba si mkazi, ndipo amene sadziwa kusiyana kwake n'chifukwa chake akadali mbeta. Palibe anaseka kwenikweni. Toata ankangoyang'ana mtengo wa pangalande. Ndere yobiriwira ya patsinde pake inali itayamba kuoneka.

Potsiriza Ofasia analamula. Chingwe chikhale chachitali, mikono makumi awiri, ndipo pakati pake pazikhala pomira m'madzi nthawi zonse, kuti mchere uzidula choipacho chisanafike kuboti. Chikangokungika n'kutuluka m'madzi, Toata achepetse moto. Onse anavomereza kuti ndi chiweruzo chanzeru. Toata yekha, amene anakoka zinthu zambiri pamoyo wake, ankadziwa zomwe bwato laling'ono limachita kumapeto kwa chingwe cholenda. Sananene. Anaona kuti kuwonjezera mawu n'kungotaya nthawi.

Akazi anatulutsa Kwalea kudzera kumunsi, n'kumugoneka m'bwato lawo, mutu pamiyendo ya Dioko. Toata anawaponyera chingwe osayang'ana. Analiza injini, n'kunyamuka mwapang'onopang'ono ngati maliro.

Mpaka kutuluka m'ngalande zinayenda. Atafika poyera mphepo inawapeza cham'mbali. Chingwe chikalenda, bwato linkatembenuka lokha n'kupereka nthiti ku mafunde. Chikakungika, linkadzidzimuka, mphuno n'kulowa m'madzi. Toata ankayang'ana kumbuyo, dzanja lili pa injini. Anaona Dioko akukapa madzi ndi chigoba cha kokonati, kenako akusiya chigoba kuti adzutse mutu wa wodwala, kenako akutolanso chigoba. Manja awiri, ntchito zitatu. Akawonjezera moto, chingwe chinkatuluka m'madzi chikudontha, bwato n'kumwa. Akachepetsa, madzi a pansi pawo ankaoneka akusintha mtundu, kuchoka pa wobiriwira wakuda kupita ku woyera. Kutsogolo, pa Lalo, mbalame zoyera zinali zitayamba kutera, zitaima m'madzi ofika m'maondo mwawo.

"Alamu," anaitana Dioko. Mphepo inabweretsa mawuwo kukhutu labwino. "Mphasa yanyowa yonse. Akunjenjemera, mano akugundana."

Toata anayang'ana kuchilumba. Sanali patali. Ankatha kuona amuna aja ataima pamwamba pa khoma la miyala, ndipo wamtali pakati pawo anali Ofasia, dzanja lili pachipumi.

Anazimitsa injini. Phokoso litatha kunamveka madzi okha akumenya m'mbali mwa boti. Anagwada kumbuyo n'kuyamba kukoka chingwe, dzanja ndi dzanja. Gawo lija lomira linatuluka, lozizira, n'kuunjikana pamapazi pake. Bwato linafika n'kugunda boti.

Anali asanamuone mwana wake masiku asanu ndi anayi. Nkhope inali itatuwa, milomo itang'ambika, maso akuluakulu. Fungo linamufika, ndipo analizindikira. Linali lomwe lija linatuluka m'mphasa ya Ruasia pomwe akazi ankadutsa naye pamiyala.

"Bambo," anatero Kwalea, "musandikhudze. Boti lanu."

"Khala chete, mayi."

"Atate aakulu akuona."

"Aone."

Anamulowetsa mkono m'khosi ndi kunsi kwa maondo, n'kumunyamula. Anapepuka ngati khoka louma, koma kutentha kwake kunadutsa malaya. Anamugoneka pamatabwa pomwe amuna amakhala, n'kumufunda thumba. Dioko anazengereza, phazi limodzi lili m'mwamba.

"Kwerani, alamu. Laipa kale. Simuliipitsa kawiri."

Dioko anakwera. Toata anamasula chingwe, n'kusiya bwato la akazi likuyandama lokha. Anatsegula moto wonse. Pa Lalo anapendeketsa injini, boti linakwekwereza mchenga kawiri, kachitatu linaima. Analumphira m'madzi, n'kulikankha ndi phewa mpaka linamasuka. Pokweranso anaona kuti madzi a pansi m'botimo asanduka ofiira, akuyenda uku ndi uku pakati pa matabwa.

Namwino wa tsidya, Sista Jenita, anali pakhonde akupima ana pasikelo. Ataona boti loyera la pa Anofou, ndi mwamuna akutuluka m'madzi atanyamula mkazi, anapereka mwana kwa mayi wake.

"Mwamuna wa pa Anofou wanyamula mkazi. Lero nyanja iuma," anatero, koma manja ake anali kale pakhosi pa Kwalea. "Mulowetseni umu. Masiku angati?"

Dioko anayang'ana pansi. Toata anapisa m'thumba n'kupereka kachingwe kaja. Namwino anakayendetsa pakati pa zala.

"Zisanu ndi zinayi. Chabwino. Amayi, ine si wapolisi, dzina la amene wachita sindikulifuna. Ndikufuna ndidziwe chomwe ndikulimbana nacho. Anamwa, anamukanda, kapena analowetsa kanthu?"

"Zonse," anatero Dioko.

"Chomaliza?"

"Kamtengo."

Namwino anatulutsa mpweya m'mphuno. "Abambo, inu panja."

Toata anakhala pansi pa mtengo wa mango. Kudzera pazenera ankamva zitsulo zikugundana m'beseni, ndi mawu a namwino akuitana pa wailesi chipatala chachikulu cha ku Auki kuti atumize galimoto. Dzuwa linapendeka. Nyanja inaphwa kotheratu, boti lake n'kukhala pamatope, ntchentche zikulizungulira.

Atatuluka, Sista Jenita anakhala pambali pake n'kuvula nsapato imodzi.

"Zotsalira zinaolera m'kati, ndiye poizoni analowa m'magazi. Ndatsuka m'chiberekero, ndamuika diripi, jakisoni ndamubaya awiri. Magazi ndilibe, akamupatsa ku Auki. Ngati kamtengoko sikanaboole, akhala."

"Ngati kanaboola?"

"Akaona madokotala." Anamuyang'ana. "Amene amafika kuno tsiku lachitatu ndimawatsuka, mawa lake n'kumapita kwawo akuyenda okha. A pachilumba panu sindiwaona. Ndimangomva kuti mwezi unatalika."

Namwino anamubwezera kachingwe kake.

Kamtengoko kanali katakanda koma sikanaboole. Kwalea anagona ku Auki masabata atatu, anamuika magazi mabotolo awiri, ndipo anabwerako ataonda, tsitsi likuthothoka. Miyezi iwiri sananyamule chigubu kapena kulowa m'munda. Dioko ankamuphikira nsomba ndi masamba a koko, n'kumamukakamiza kumeza timapiritsi tofiira towonjezera magazi tomwe tinkamunyansa. Ramo anabwera pakati pa chaka, koyamba m'moyo wake. Anakhala pakhomo masiku awiri. Tsiku lachitatu Sista Jenita anamuitanitsa, n'kumutsekera m'chipinda theka la ola. Zomwe anamuuza sizinamveke, koma kuyambira pamenepo Kwalea ankapita tsidya miyezi itatu iliyonse kukabayitsa jakisoni wolera, ndipo Khirisimasi inayamba kudutsa osasiya mwana.

Za boti, Ofasia sanakalipe. Tsiku la ulendo lomwe lija, Toata asanabwerere, makoka anali atachotsedwa m'khumbi lake n'kupita kwa munthu wina wa injini wa pachilumba choyandikana nacho. Toata anatsuka botilo ndi mchenga ndi madzi a mchere masiku atatu, koma palibe mwamuna anapondamonso. Mwezi wathunthu ankadyera panja pa nyumba ya amuna, mbale yake ili payokha. Anyamata analipatsa botilo dzina, bisi yoyenda. Nsomba chaka chimenecho zinachepa, ndipo aliyense anadziwa woyenera kumuyang'ana. Mkulu wake anamuyankhula kamodzi kokha za nkhaniyi, patapita nthawi, ali awiri.

"Ukanachepetsa moto, ukanafika."

"Sindikanafika."

Ofasia analavula zofiira m'madzi. "Mwina," anatero, n'kuchoka.

Boti lomwe amuna alikana silikhalanso ndi lamulo. Akazi ndiwo anayamba kulikwera, poyamba opita kusikelo, kenako oyembekezera, kenako a kumunsi. Sista Jenita anauza Dioko zizindikiro zitatu, Dioko n'kuzifalitsa ku bisi: thupi likatentha, fungo likasintha, kapena nsalu ikamadzaza msanga kuposa momwe mpoto umawirira, osadikira mawa. Dioko ankangofika pakhumbi n'kunena, atafulatira, kuti, "Alamu, mafuta alimo?" Toata ankadzuka.

Si onse anafika. Awiri anathera m'botimo, mmodzi pa Lalo penipeni, madzi ataphwa, Toata akukankha ndi phewa. Mayi uja wa kumtunda anamwalira, koma mwana wake anatenga ntchitoyo, ndipo akazi otopa sanathe. Amapitabe kukakumba mbatata n'kubwerako ndi dengu lopanda kanthu.

Toata tsopano wakalamba. Khutu linalo nalonso layamba kutseka, ndipo injini ndi yachitatu. Sawerengeranso a pabanja pake okha. M'thumba mwake mumakhala tizingwe titatu, nthawi zina tinayi, ndipo amadziwa kalikonse mwini wake ngakhale sangamutchule dzina. Sabata yatha mtsikana wina wa kunyumba za kumpoto anatsika m'bwato atagwira m'mphepete ndi manja onse. Dioko akuti palibe vuto, wamufunsa kawiri, mtsikanayo wakana. M'mawa uno kachingwe kake kafika mfundo zisanu ndi imodzi. Utsi wafuka, koma wakuda. Toata wadzaza mafuta, walozetsa mphuno ya boti kungalande, ndipo wakhala pakhumbi pake, diso limodzi padenga la bisi, linalo pa mtengo wosonyeza madzi.